Tsiku Limene Ndinapambana Voti ya Kompyuta

Pa moyo wanga wonse ndinapambanapo chisankho kamodzi kokha, ndipo mpaka lero ndikachikumbukira ndimagwira pamutu. Anzathu akapambana amavinitsa mudzi. Ine nditapambana ndinasowa pobisa nkhope.

Zinachitika zaka zija matipate atangolowa kumene, aliyense atangozindikira kuti ali ndi pakamwa. Ndinkagwira ntchito pa ofesi ya bungwe lina la alimi a mpunga pa boma pa Nkhotakota, kanyumba ka malata kotsetserekera kunyanja. Mu ofesimo munali kompyuta imodzi yochokera ku likulu lathu ku Lilongwe, ndipo woiyendetsa ndinali ine. (Pa pepala udindo wanga unali wa kalaliki wamba, koma pepala ndani amaliwerenga?)

Achinyamata mwina simukuzidziwa kompyuta za nthawi imeneyo. Ukayatsa, galasi lake linkangoti bii, kadontho kakuphethira pakona, kukudikira. Munalibe zithunzi, munalibe podina. Unkayenera kulemba mawu olamula m'Chingerezi chodukaduka, ndipo ukaphonya chilembo chimodzi inkakuyankha mwamwano kuti sikukumva. Mawuwo ndinawaloweza pa maphunziro a masabata ochepa ku Lilongwe, n'kuwasunga pamtima ngati katekisimu. Sindinaphunzitseko munthu. A Manijala enieniwo akafuna lipoti la mpunga umene wagulidwa ankadzaima kumbuyo kwanga n'kumatsokomola mwaulemu. Alimi ochokera ku Kanyenda ankavula chipewa pakhomo, osadziwa kuti akulonjera ine kapena makinawo. Kunena zoona ndinkamva kukoma, moti ngakhale mayendedwe anga anasintha.

Ndiye m'mawa wina a Manijala analowa ndi nkhani. Anati ku likulu kwafika pulogalamu yatsopano yoyendetsera kompyuta yonse, ndipo pakutha pa mwezi kubwera katswiri kudzachotsa yakale ija n'kuikamo imeneyo.

"Akuti ndi yosavuta," anatero uku akumwetulira. "Ungoloza chithunzi n'kudina, basi. Akuti ngakhale ine ndikhoza kumatulutsa lipoti ndekha."

Mawu akuti "ndekha" aja anandilasa. Ndinaseka nawo mwachiphamaso. A Manijala akamatulutsa lipoti okha, ine ndizidzatani? Ndinali nditangokwatira, mkazi wanga ali woyembekezera, ndipo chinthu chokha chimene chinkandisiyanitsa ndi akalaliki ena onse a pa bomapo chinali mpando wa pa kompyutawo. Ndinachita mantha, ndisaname.

Mwayi wanga unali woti masiku amenewo palibe chinkachitika popanda kufunsa anthu. Likulu linati nthambi iliyonse ipereke maganizo ake kudzera ku komiti ya alimi. Ndikhulupirira iwo ankangokwaniritsa mwambo, poti mawu akuti "tafunsa eni ake" anali m'fasho. Koma kwathu kuno munthu ukamufunsa maganizo amakupatsadi, n'kukuikira ndi banyira.

Pasanathe sabata boma lonse linali ndi maganizo pa pulogalamu imene palibe anali ataionapo. Dalaivala wathu anati mlamu wake wa ku Lilongwe wamuuza kuti ukaiyatsa imayamba yaimba kaye nyimbo. Mayi wogulitsa zitumbuwa pakhomo pathu anati wamva kuti imajambula aliyense wokhala patsogolo pake n'kutumiza nkhope yake ku Ulaya. Mlonda anati iye alibe nazo kanthu, bola asamuuze kuti aziilondera mwapadera. Ine ndinkangopukusa mutu ngati munthu wodziwa zambiri koma wosafuna kuopseza anthu. (Zimene ndinkadziwa ndi izi: ndinaiona kamodzi pa chithunzi cha m'nyuzipepala, nyuzipepalayo atakulungira usipa, ndipo theka la nkhaniyo linali litanyowa.)

Ndinayamba kampeni. Woyamba kumugwira anali a Saidi, wapampando wa komiti, mdala wa ku Liwaladzi amene ankabwera pa njinga Lachisanu lililonse kudzaswali ku mzikiti wa pa boma, n'kudzera ku ofesi pobwerera.

"A Wapampando, ine sindikana chitukuko," ndinayamba motero, mawu ali pansi. "Koma ndawerenga kuti m'kati mwa pulogalamu imeneyi muli dzala."

"Dzala? Dzala lotani?"

"Lotayamo zinthu. Dzanja likangoterereka pang'ono, dzina la mlimi ndi matumba ake onse zagwera m'dzala."

A Saidi anavula kofia n'kukanda pamutu. "Subuhana! Munthu walima m'madzi mpaka miyendo kuyera, dzina lake likagone kudzala? Nanga iyi tili nayoyi ilibe dzala?"

"Ilibe, a Wapampando."

Sindinaname. Inalibedi. Kungoti yakaleyo ukalakwitsa, chinthu chinkangosowa osaonekanso, pomwe cha m'dzala, monga ndinadzamvera pambuyo pake, umatha kukachitola. Koma pa kampeni sunganene zonse.

Wotsutsa boma langa anali mmodzi: Mayi Kamanga, mphunzitsi wopuma wa ku Dwambazi, amenenso anali mlembi wa komiti. Mayi amenewa anaphunzitsa ana zaka zambiri, moti bodza ankalinunkhiza lisanatuluke m'kamwa.

"Iwe mwana wanga," anandiitana tsiku lina, "boma lathunthu tasintha ndi kapepala, ndiye tilephere kabokosi aka? Ukuopa chiyani kwenikweni?"

"Ine ndikuganizira alimi, amayi."

"Alimi," anabwereza motero, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. "Chabwino. Tikakumana kumsonkhano."

Tsiku la msonkhano linafika, chakumapeto kwa dzinja. Popita kuntchito m'mawa ndinayang'ana kunyanja n'kuona nkhungu zitaima patali ngati utsi wa lupsa. Kwa amene simunakulire kunyanja, nkhungu ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka, timene timatuluka m'madzi miyandamiyanda, ndipo kumene mphepo yalowera ndi kumene timapita. Tsikulo kunkaomba vuma, mphepo ya kummawa. Mwana aliyense wa kuno akanakuuzani kuti dzuwa likamafika pamutu, mtambo umenewo ukhala uli pa boma. Tsiku lotero timatseka mazenera onse ngakhale kutenthe bwanji.

Ine ndinatsegula. Onse a mbali ya kunyanja ndinawatsegula, n'kuuza a Manijala kuti akuluakulu asafe ndi thukuta. Babu la pamwamba pa tebulo ndinalisiya loyaka masanasana. (Satana sanandinong'oneze ayi, ndisamunamizire. Nzeru imeneyi inali yangayanga.)

A Manijala anafotokoza mbali yawo mwachidule, poganiza kuti nkhaniyi ndi yongodutsa. Kenako a Saidi anati, "Timve kwa mwini makina." Ndinaimirira, n'kukonza tayi. Ndinayamba ndi dzala. Ndinadzera pa nyimbo, n'kufunsa kuti kodi ofesi ya alimi ndi malo omwera mowa kuti makina aziimba m'mawa uliwonse. Ndinaona mitu ikugwedera. Ndiye ndinatulutsa mfundo yanga yaikulu.

"Akuluakulu, taonani galasi la kompyuta yathuyi. Lakuda, laulemu, losaitana chilichonse. Yatsopanoyo imawala mbee tsiku lonse. Inu nonse mukudziwa, asodzi akafuna usipa amayatsa nyali. Nanga nkhungu zikaona kuwala zimatani? Ku Lilongwe kulibe nyanja, iwo sangaziganize zimenezi. Zikalowa m'makinamu, mayina anu onse apsera limodzi."

Mayi Kamanga anaimirira kuti ayankhe. Anavula magalasi, n'kutsegula pakamwa kuti, "A Wapampando, mwana uyu..." Sanamalize. Kunja kunada mwadzidzidzi, amayi a m'makomo oyandikana akufuula kuitanizana malichero okolera nkhunguzo poti kwathu kuno ndi ndiwo, ndipo nkhungu zinalowa pa mazenera onse nthawi imodzi. Zinazinga babu lija, zinagwera mu tiyi, zinadzaza m'makutu ndi m'mphuno. Mayi Kamanga anameza zokwanira ndiwo za tsiku limodzi, n'kukhala pansi akutsokomola, misozi ili mbwee. A Manijala ankakupiza ndi fayelo. Ine ndinathamanga kukafunditsa kompyuta ndi jekete langa, ngati mayi woteteza khanda pamvula.

Zitachepako, a Saidi anapukuta ndevu n'kunena mwapang'onopang'ono, "Abale anga, mwadzionera nokha. Kungoitchula kokha zabwera chonchi. Nanga ikadzafika yeniyeniyo?"

Wina anati tikweze manja, koma mkulu wina wa ku Kanyenda anakana, ati zokweza manja zinapita ndi chipani chimodzi. Ndiye tinang'amba timapepala, aliyense n'kukaponya m'chitini cha mabisiketi kuseri kwa chitseko. Powerenga, pafupifupi onse anakana pulogalamu yatsopano. Anandiombera m'manja. Madzulo ndinagula kampango wamkulu, n'kukauza mkazi wanga kuti mwamuna wake akanafuna akanaima pa uphungu.

Pakutha pa mwezi galimoto la ku likulu linafika. Katswiri uja anali mayi wachitsikana, atanyamula bokosi la madisiketi a pulogalamuyo. A Saidi anali atabwera dala, atavala mkanjo wawo woyera, komiti yonse ili pambuyo. Anamulandira bwino mlendoyo, n'kumuuza mwaulemu kuti alimi a kuno akhala pansi ndipo pulogalamuyo aikana.

Ndinkayembekezera mkangano, ndipo mayankho ndinali nditakonzeratu. Mayiyo sanakwiye n'komwe.

"Palibe vuto, bambo," anatero. "Likulu linati tisakakamize munthu. Kungoti kuyambira mwezi wamawa malipoti onse azibwera m'pulogalamu yatsopano, yakaleyi sitiiwerenganso. Ndiye anatiuza kuti nthambi ikakana, kompyuta yake ipite kumene akuifuna. Anzanu a ku Dwangwa akhala akulira kuti alibe. Inu muzingolemba pamanja n'kumatumiza kumeneko pa minibasi."

Ndinasendera kwa a Saidi n'kuwanong'oneza, "A Wapampando, mwina tiganizirenso. Dzala lija ndamva kuti si lakuya kwenikweni."

"Ayi, achimwene, musaope mlendo," anayankha mokweza, aliyense akumva. "Inu ndi amene munatitsegula maso."

"Komatu nkhungu sizibwera tsiku lililonse."

"Nanga tsiku limene zabwera?"

"Mazenera tikhoza kumatseka, a Wapampando."

"Kuti tife ndi thukuta? Si inu nomwe munatsegula tsiku lija potimvera chisoni?"

Mfundo iliyonse imene ndinkayesa kugwetsa, ankaiimika ndi mawu anga omwe. Ndinazimanga zolimba kwambiri moti mwini wake ndinalephera kuzigumula. Ndinatembenukira kwa Mayi Kamanga, maso anga akupempha chifundo, poti ndi iwo okha akanaitanitsa voti ina.

"Usandiyang'ane ine," anatero akupukuta magalasi ndi nsonga ya chitenje. "Ine ndinaluza ndipo ndinavomereza. Nanga wopambana akukana bwanji zotsatira?"

Anthu anaseka, ena osadziwa n'komwe chimene akusekacho. A Manijala okha sanaseke.

Poti wodziwa mawaya ndinali ine ndekha, anandipempha kuti ndizule. Ndinazula. Ndinapinda chingwe chilichonse bwinobwino, n'kuinyamula kompyutayo pachifuwa mpaka kugalimoto. Inali yolemera, koma si kulemerako kumene kunandigwetsa misozi. Galimoto likunyamuka, a Saidi anagogoda pa zenera n'kuuza katswiri uja kuti, "Mukawachenjeze anzathuwo za dzala, asadzati sitinanene."

A Manijala anatha masiku osandiyankhula. Kenako anandiitana n'kundiuza modekha kuti popeza kompyuta palibe, woiyendetsanso sakufunika, koma kudepoti kukusowa munthu wa pa sikelo. Mawa lake ndinali pansi pa mtengo wa mango, tayi ndavula, ndikukweza matumba a mpunga pa mbedza, mungu wake ukundiyabwa mpaka m'khwapa. Chowawa kwambiri chinali choti alimi ankandikonda. Aliyense wobwera kudzayeza mpunga ankandigwira chanza ndi manja awiri, kundithokoza kuti ndinapulumutsa dzina lake. Kudandaula ndikanadandaulira ndani?

Mkazi wanga sanandinyoze. Anangondithira madzi osamba, n'kundiyang'ana ndikudzikanda msana pa chitseko, kenako anafunsa mofatsa kuti, "Koma bambo a m'nyumba, tsiku lija munapambana chiyani kwenikweni?"

Pulogalamu ija ndinadzaiphunzira patapita zaka, kwina kumene ndinasamukira, ndipo zinangonditengera masana amodzi. Inali yosavutadi, monga ananenera a Manijala. Mungaganize kuti ndinatolapo phunziro. Koma ngakhale dzulo lomweli foni yanga inandiuza kuti pali zatsopano zoti ilowetse, ndipo ine ndinadina poti idikire kaye, monga ndakhala ndikuchitira chaka chonse chino. Chimene ndinasiya ndi chimodzi chokha: ndikaopa chinthu, ndimaopa ndekha mwakachetechete, sindiitanitsanso komiti.