Thanki Imodzi Mpaka Lamulungu

Lolemba

Kodi ndani anakhazikitsa lamulo loti munthu wa motoka aziimira aliyense womudziwa pamsewu? Kabwata yonse imalitsata ngati linachita kugwa kumwamba. Atate amaima, kukweza, kutsitsa, kuimanso, kenako n'kumadandaula kuti motoka yathu yabanja ikumwa mafuta ngati chidakwa. Ndawauza kuti vuto si injini, vuto ndi chifundo.

Digiri yanga ikuchita nkhungu m'kabati, ndiye lero tapangana. Adzaza thanki, andipatsa makiyi. Mafutawa akafika Lamulungu, motoka ndi yanga, ndiyamba bizinesi yonyamula ana asukulu. Akathera panjira, ndikukagulitsa misomali m'shopu ya amalume ku Chelstone. Ine, misomali!

Malamulo anga:
phazi lopepuka poponda mafuta
matayala odzaza mpweya
katundu wosafunika atsike
lifiti kulibe, kaya ndi abusa

Lachiwiri

Ndikutsitsa zonse zimene atate amasunga kumbuyo: tayala lakutha, khasu, mabuku a nyimbo, njerwa yosadziwika ntchito. Motoka yapepuka, ikuchita kuuluka.

Pochokera kokasiya amayi kuntchito ku Woodlands, ba Tembo a chigwirizano cha kutchalitchi kwathu akukweza dzanja m'mbali mwa msewu. Ine maso kutsogolo. Ndisanafike pageti la kunyumba amayi andiimbira kale foni: “Mayi amene anakunyamula paubatizo, ukuwadutsa ngati chitsa?”

Ndiye ulendo wa kwawo ku Chilenje kukapepesa. Andikhululukira msanga. Popeza ndabwera, ndiwaperekeze kuchipatala kukazonda wodwala, ndiwadikire, ndiwabweze. Singano ya mafuta ikutsika ndikuipenya.

Lachitatu

Nzeru zatsopano. Popanda mpando munthu sakwera. Ndamasula mipando yonse yakumbuyo, ili pakhonde. Kulemera kwachepa, pokanira papezeka. Sukulu si masewera!

Masana aneba athu ba Zulu akusuzumira pawindo ndi moni wawo wachitauni. “Shani mwana, manje yasanduka lole?” Akuti matumba awo a makala ali ku Soweto, chonyamulira alibe. Atate akuvomera m'malo mwanga, maso osachotsa panyuzipepala.

Makala. Kenako sofa ya alongo awo a ba Zulu. Kenako mbuzi. Mwini mbuziyo sindikumudziwa mpaka pano.

Lachinayi

Matayala ndawapopa, alimba gwa. Pahampu iliyonse mano akugundana. Ndawerenga pafoni kuti mawindo otsekula amalimbanitsa motoka ndi mphepo, pomwe choziziritsa mpweya chimamwa mafuta. Ndatseka zonse ziwiri.

Dzuwa likuswa mtengo, amayi andituma tinsomba touma ta kapenta ku City Market. Ine ndi thumba la kapenta m'motoka yotseka, mkati mwa tauni, pamzere wa magalimoto wosasuntha. Ndafika kunyumba thukuta kamukamu. Mphaka wa aneba sakundisiya.

Lachisanu

Mdani weniweni ndamudziwa: kuima pamzere injini ikulira. Ndapeza kanjira kakuseri kozembera tauni. Lusaka yonse yakapezanso lero lomwe.

Singano yagona pofiira. Komabe mutu ukugwira. Mawa ndikangokhala panyumba, motoka osaigwira, Lamulungu lindipeza ndi kadontho m'thanki, ndipo kadontho ndi mafuta ndithu.

Ndikufotokozera amayi, akungoseka. Mawa ndi chilanga mulilo cha Tisa, mwana wa azakhali, tsiku loti amayi akwathu akapereke zakudya kwa akuchimuna ku Kabulonga. Wonyamula miphika ndi ng'oma ndine. Anandiuza kalekale. Ndinali kuwerenga za matayala.

Loweruka

Ndimayesa kusowa kwa mipando kundipulumutsa. Amayiwo akondwera, akuti pansi pakukwana ambiri. Ayala zitenje, akhala mothithikana, miphika yokulunga pamiyendo, ng'oma pakati. Alangizi a mkwatibwi akhala kutsogolo pambali panga, akuti ndisathamange, msuzi ungatayike. Kuchoka Kabwata mpaka Kabulonga pagiya yoyamba, nyimbo njira yonse. Singano ndasiya kuiyang'ana.

Pageti la akuchimuna mwambo ndi woti alendo aime, aziimba, osasuntha mpaka eni nyumba ataponya kangachepe. Ndikufuna kuzimitsa injini podikira. Alangizi andigwira dzanja. “Moto suzimitsidwa pakhomo la ukwati, mwanawe, ndi malodza.” Injini ikulira, nyimbo ikubwerezedwa, akuchimuna akuchedwa dala.

Potsiriza aponya, geti latsekuka. Ndikuponda. Motoka yatsokomola, yanjenjemera, yangoti zii pakati penipeni pa geti.

Akuchimuna akuyesa dalaivala nayenso wanyanyala mwamwambo. Akubwera akuvina, akuika ndalama pagalasi. Nthungululu! Alangizi akulengeza kuti mwana wa ba Phiri ameneyu mwambo akuudziwa kuposa akulu. Ine ndikupotoza kiyi, motoka osayankha. Awonjezera zina. Ndikupotozanso. Amayi anga okha ndi amene azindikira, aphimba nkhope ndi chitenje.

Mapeto ake abale a mkwati, masuti awo atsopano, akukankha motoka yodzaza miphika kulowa nayo m'mpanda, ng'oma ikulirabe.

Lamulungu

Motoka inabwerera kunyumba ndi mafuta a m'chigubu, opempha kwa akuchimuna. Zapagalasi zija anatenga alangizi, akuti n'zamwambo.

Atate sanakalipe. Angotambasula dzanja, ine ndaikamo makiyi. Akuti mipando ibwerere m'malo mwake nthawi ya tchalitchi isanakwane. Ndamanga yonse, kupatula bawuti imodzi imene yasowa. Ndayesa kunena kuti Loweruka ndi Lamulungu ndi moyandikana. Akuti Kabwata ndi Chelstone nakonso si kutali.

Ndalembera amalume kufunsa ngati malo a pakauntala akadalipo. Ayankha kuti pakauntala pali munthu kale, ine ndibwere mawa ndi zovala zosaopa simenti.

Suti ya tsiku lolandira digiri, imene ndinatulutsa poyembekezera pakauntalapo, ndaibweza m'kabati. Ndatulutsa ovolosi yakale ya atate, ndaichapa, ndaiyanika pachingwe.