Sabata Yosaka Poimika Galimoto

Lolemba

Ndaganiza, ndipo sindibwerera m'mbuyo. Pofika Lachisanu m'mawa galimoto yanga ikhale itaima pakhomo pano, chitseko chake chitayang'anizana ndi chitseko cha nyumba. Basi!

Nkhani yake ndi Ababa. Chiwagwereni sitiroko mwendo wakumanzere ukukana, ndipo Lachisanu lililonse akuyenera kupita kumafizo kuchipatala. Sabata yatha galimoto inali kumene imagona, kuseri kwa tchalitchi kumtunda kuja, ndiye ndinawakweza pa wilibala ya eninyumba mpaka kumeneko. Munthu woti anayendetsa malole a ku Tete ndi ku Beira moyo wake wonse, pa wilibala ngati thumba la makala, azimayi a pampopi akuyang'ana! Titabwerako anangoti: "Galimoto ikapanda kufika pakhomo, ine kuchipatala sindipondako." Ababa akanena anena. Adokotala akuti akamajomba mwendo uumiratu. Ndikuopa, kunena zoona.

Vuto ndi msewu wathu. Pomwe ndinkayamba lendi kuno ku boma, galimoto mumsewu muno inali imodzi yokha. Lero aliyense ali ndi yake, ndi ine ndemwe, koma nyumba zake ndi zomwe zija za mdadada, zopanda mpanda, zopanda geti. Msewu wake wopapatiza, kumunsi umathera pakhwawa. Ukalowa wopanda poima, utuluka chambuyo.

Zomwe zili mumsewu madzulo ano:
- pikapu ya a Saidi, oyandikana nawo nyumba, ogulitsa manachesi. Ili pakhomo panga penipeni.
- galimoto zonyezimira za anyamata ogwira ntchito kuboda. Amazitsuka kuposa mmene amasambira eni ake.
- minibasi yakufa ya a Bonongwe. Nkhuku zimaikiramo mazira.
- kagalimoto kofiira koti mwini wake palibe akumudziwa.
- yanga: kulibe.

Pulani: a Saidi akangonyamuka m'mawa, ndiika miyala ikuluikulu pamalopo. Zosavuta!

Lachiwiri

Miyala ndaika. Msana ukuwawa, chikhadabo chathyoka, koma ku ofesi ndapita ndikuimba nyimbo.

Madzulo: miyala kulibe.

Itatu ili kwa amake Chisomo a nyumba yotsatira, akukazingirapo mandasi. "Achemwali, Mulungu akudalitseni, mafuwa anga anali atasweka!" Wina uli kunsi kwa tayala la pikapu ya a Saidi, poti handibuleki yawo inafa kalekale. Pikapuyo ili pamalo pomwe paja, mwala wanga ukuithandiza kuti isasunthe. Koma abale!

Ndapita kukalankhula nawo, nkhope nditaikwinya. Ndinayamba ndayeserera pagalasi. Andipatsa mpando, afunsa za Ababa, andisendera nachesi. Akuti iwonso sakufuna kuima pakhomo panga. Pakhomo pawo pamaima anyamata a kuboda, pakhomo pa anyamatawo pali minibasi, ndipo injini ya minibasiyo inapita ku Blantyre kokakonzedwa, sinabwerenso. "Tonse tikukankhana, achemwali. Wotsiriza agwera m'khwawa." Akuti mawa apita ku Thambani kukatenga katundu, abwera mochedwa, ndiye ndifulumire ndiimikepo yanga.

Ndabwerako ndi jumbo ya manachesi, ukali ndausiya komweko. Munthu ungakalipire bwanji wokusendera nachesi? Ababa adya mpaka makoko adzaza mbale.

Lachitatu

Ndanama ku ofesi kuti mutu ukuwawa. Unali bwinobwino. Panopa ndiye ukuwawadi.

Ndatenga galimoto kutchalitchi dzuwa likadali pamutu. Pamalo palibe kanthu! Mtima myaa.

Koma kulowapo kwake n'kwa rivesi. Laisensi ndili nayo, yeniyeni, koma ine ndi rivesi sitimwerana madzi.

Ondithandiza:
- amake Chisomo, chipande chili m'manja: "Bwerani! Bwerani! Bwerani! Imaniii!"
- wakabaza wina wongodutsa, waimika njinga: "Pindani kumanja!"
- a Bonongwe: "Kumanzere!" Iwo ayang'ana uku, ine ndayang'ana uko, ndiye kumanzere kwa ndani?
- Ababa, pawindo. Angogwira chipumi.

Tayala lakumbuyo lalowa m'ngalande, khu! Azibambo abwera, ainyamula, aitulutsa. Ataiika pansi inali itayang'ana kumtunda, ndiye ndangopitiriza ulendo wobwerera kutchalitchi, osacheuka. Manyazi ake!

Pobwera wapansi ndapeza galimoto yachilendo pamalopo, nambala ya ku Mozambique. Mlendo wa anyamata a kuboda. Amake Chisomo akuti walowa kamodzin'kamodzi, ndi dzanja limodzi, kwinaku akulankhula pa foni. Sindinawafunse zimenezo.

Ababa pa chakudya: "Lole yokoka ngolo ndinkailowetsa pa geti ndi galasi limodzi, linalo litasweka." Kenako ayang'ana mwendo wawo, asiya kudya. Bola akanandikalipira.

Lachinayi

Mawa ndi mawa. Njira zomwe ndayesa lero:
- Chingwe. Ndamanga m'mawa kuchokera pa mtengo wa mango mpaka pazenera. Masana payanikidwa matewera. Madzulo pikapu yalowa pansi pake bwinobwino.
- Chikwangwani cha katoni, cholembedwa bwino ndi zilembo zikuluzikulu. Wina wakolezera mbaula.
- Eninyumba. "Ine ndinakubwereketsani nyumba, mayi. Msewu ndi wa boma."

Ku ofesi tsiku lonse ndimaganiza zoigulitsa. Ndinaigula kuti ndisiye kuyenda wapansi, koma chiigulireni ndikuyenda kuposa kale: kukaitenga, kukaisiya, kukaiona ngati magalasi akadalipo. Anzanga onse ali pa foni, akusankha zawo zochokera kunja. Wina akufuna yaikulu kuposa ya mnzake. Zikafika zonsezo zizidzagona kuti, padenga? Ndawafunsa. Andiseka, akuti ndi nsanje.

Pobwerera ndaona lole itawonongeka pamsewu waukulu wopita kuboda, nthambi zitaikidwa kutsogolo ndi kumbuyo. Galimoto zonse zikuzilambalala mwaulemu. Palibe wokhudza nthambi. Nthambi sukazingirapo mandasi, suyanikapo matewera. Ndapeza!!

A Saidi alonjeza kunyamuka m'mamawa. Chikwanje ndabwereka. Ababa ndawasitira shati. Aiyang'ana nthawi yaitali, koma sananene kuti ayi.

Lachisanu

Ndilembe mwadongosolo.

M'mawa kukuzizira, kamvula kakuwaza. A Saidi anyamuka monga analonjezera. Ndadula nthambi za mango, ndayala kumtunda ndi kumunsi kwa malo anga. Msewu ndi wopapatiza, ndiye nthambizo zafika tsidya ndi tsidya. Sindinaganizepo kanthu, mutu wanga unali pa lole ya dzulo. Ababa akuti agoneko pang'ono mpaka ndibwere, adzifunda bulangete ndi kumutu komwe monga amachitira kukazizira. Ndathamangira kutchalitchi.

Kumeneko galimoto yanga yatsekeredwa ndi ya munthu wina amene ali m'kati pa mapemphero a m'mawa. Ndadikira. Foni ndaiwala kunyumba pa chaja. Ndadikirabe. Munthu ameneyu ali ndi zambiri zouza Mulungu!

Ndikukhota kulowa mumsewu wathu: mbee! Galimoto zonse zachotsedwa. Kofiira kaja kapeza mwini wake. Ngakhale minibasi ya a Bonongwe, yomwe sinasunthepo chibwerereni ine kuno, aikankhira kukhwawa. Azibambo akhala pa mabenchi pansi pa mango, zipewa zili m'manja. Azimayi akulowa m'nyumba mwanga atamanga zitenje. Masamba pamsewu. Kulira.

Ndaiwala kuti masambawo ndayala ndine. Ndaiwaliratu. Ndangodziwa kuti Ababa atisiya, ndipo atisiya ali okhaokha, ine ndikulimbana ndi galimoto. Ndatuluka injini ikulira, chitseko osatseka, nsapato imodzi yatsala panjira. Ndalira mokuwa kuyambira pakona mpaka kuchipinda. Sindinalirepo choncho, ngakhale pa maliro a Amayi.

Bulangete lagwedezeka.

"Galimoto ija yafika?"

Amake Chisomo, amene anali kumbuyo kwanga, athawa mpaka kugunda mphuthu ya chitseko. Iwo ndi amene anaona masamba atayalidwa chopingasa msewu, n'kusuzumira pazenera, n'kuona munthu wofundidwa kumutu, n'kuyamba kulira. Sindikuwaimba mlandu. Masamba pamsewu aliyense amadziwa tanthauzo lake, kupatula ine lero m'mawa. Azimayi anakhala pabalaza, kuchipinda osalowa podikira wachibale. Ababa makutu awo anatha ndi phokoso la malole. Akuti anamva chapatalipatali kuti kwinakwake kuli zovuta, ndipo amadikira ndibwere ndiwauze kuti wamwalira ndani.

A Saidi anamva ali panjira, abwerera ndi manachesi onse, misozi ili m'masaya. Atawapeza Ababa akumwa tiyi, akhala pansi pakhonde n'kuseka mpaka kutsokomola.

Kumafizo sitinapite. Pomwe ndimamaliza kupepesa munthu aliyense payekhapayekha, nthawi inali itadutsa. Galimoto yathera mafuta pakona pomwe ndinaisiya ikulira. Azibambo omwewo aikankha kubwerera kutchalitchi. Pakhomo sakanatha kuiimika, panali mabenchi.

Loweruka

Uthenga wa maliro unayenda pa foni. Uthenga woti kunalibe maliro ukuoneka kuti ukubwera wapansi.

Zomwe zafika kuchokera kumudzi kwa Nthache:
- azakhali, mlongo wawo wa Ababa, pa njinga yamoto, mawu atasasa.
- nkhuni mitolomitolo.
- ufa.
- tambala wamoyo, wokwiya.

Azakhali alowa akulira, apeza achimwene awo akumeta ndevu. Kenako atembenukira kwa ine. Andinena bwinobwino, kuyambira sukulu yomwe ndinaphunzira mpaka galimoto yomwe ndinagula, ndipo ndavomera zonse. Nkhuni akuti sabwerera nazo.

Akuluakulu a mpingo andiitanira pambali: masamba si zoseweretsa, tsiku lina anthu adzawaona osabwera. Ndagwada. Akunena zoona.

Koma anthu sakusiya kubwera! Akuti akudzaona "malemu". Chibwerereni Ababa kuno kwa ine, palibe wa mumsewu muno amene anakhalapo nawo pansi n'kucheza. Iwo ankabisala kuchipinda, ine ndinkauza anthu kuti akupuma. Lero zadziwika kuti a Bonongwe nawonso anakhalako ku Beira. Awiriwa akulankhulana Chipwitikizi chothyokathyoka n'kumaombana m'manja. Ababa akufunsa aliyense wolowa: "Inu munalira? Munalira bwanji?" Amene sanabwere dzulo akuwadziwa onse, ndipo akuti aona.

Amake Chisomo abweretsa mandasi, koma aima pakhomo, kulowa akukana.

Galimoto zonse zabwerera m'malo mwake. Minibasi nayo aibweza, poti nkhuku zimasowa poikira. Pakhomo panga pokha palibe woimika, akuopa. Mafuta ndagula m'kachigubu. Mawa ndiimikapo yanga, rivesi kaya rivesi!

Lamulungu

Potuluka m'tchalitchi ndati ndiyambe ndakaona ngati malo akadalipo, ndisadzavutike chabe. Ndatsika wapansi, makiyi ali m'manja.

Pamalo paja pali mpando. Pampando pali Ababa, atavala jekete ndi chipewa. Pambali pawo a Bonongwe ndi bawo, azakhali pamphasa akusenda manachesi. Akuti Ababa atuluka okha, dzanja lina pa ndodo, lina paphewa pa a Saidi, kuchokera kuchipinda mpaka pansi pa mango. Anapuma panjira, anatukwana mwendo, koma anafika. Msewu wonse ukuona.

Ndanena, mwaulemu wonse, kuti malowo ndi a galimoto. Ababa osadzutsa n'komwe mutu pa bawo: "Galimoto ili ndi matayala, ikapeze kwina." Akuti azikhala pamenepo tsiku lililonse dzuwa likatuluka. A Saidi akuti pikapu yawo aziisiya kumsika. Malo omwe ine ndawavutikira sabata yonse ndi miyala, chingwe ndi chikwanje, awasiyira Ababa popanda wowapempha.

Ndaluza. Ndavomera. Makiyi ndaponya m'kabati.

Za Lachisanu likubwerali: Ababa akuti ayenda mpaka pakona, galimoto ikawadikire kumeneko, ine ndisadzipweteke ndi rivesi. Ndafunsa za azimayi a pampopi. "Anthu andiona kale ndili maliro. Manyazi atsalanso ati?"

Dzuwa litapendeka, anthu atabalalika, ndikuwathandiza kulowa m'nyumba. Pakhomo aima, andigwira dzanja mwamphamvu. Sakundiyang'ana.

"Ena onse aja sindinawamve bwino, makutu anga ukuwadziwa. Koma iwe ndinakumva kuchokera pakona. Kumafizo tizipita, mwana wanga. Kulira kumene kuja sindikufuna kukumvanso."

Ndaika madzi a tiyi pa mbaula, ndakhala kukhitchini mpaka maso auma.

Galimoto igonanso kutchalitchi. Igone.