Mmene Ndinaphera Mfuti ndi Penti

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda, koma mayi a Tadala aifalitsa kale mumpingo monse, kuyambira ku Edmonton mpaka ku Wembley. Ndiye bola muimve kwa mwini wake, chifukwa iwo akamaikamba amathira mchere wambiri.

Choyamba mudziwe kuti ine si wopusa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, inde, koma ku Ndirande ndinagulitsa njinga zakale zaka khumi ndi zisanu. Njinga yoti mwini wake waitaya kudzala, ine ndinkaipala dzimbiri, kuipaka penti, kuiika belu latsopano, mawa lake mwini wake yemweyo n'kudzaigula akumwetulira. Lamulo langa linali limodzi: chinthu chikawala, mtengo umakwera. Ngakhale mutu wangawu ndinkauyendetsa ndi lamulo lomwelo. Pakangotha sabata ziwiri, imvi zonse zinkalowa mu dayi wakuda.

Kuno ku London ndinkagwira ganyu kwa Lameck, m'bale wathu wobadwira ku Zimbabwe koma agogo ake a ku Dedza. Iye ali ndi van yochotsa katundu m'nyumba za anthu omwalira. Tsiku lina tikuchotsa katundu kudenga kwa nyumba ina ku Greenwich, ndinapeza katoni yaitali, yong'ambika m'makona, yonunkha chinyezi. Nditatsegula ndinatsala pang'ono kugwa pamakwerero.

"Lameck! Mfuti! Tamangidwa!"

"Imeneyo ndi ya ana, mudhara," anatero akuseka. "BB gun. Imaponya timipira tachitsulo tokhala ngati mapira. Mwana wa malemu wati chomwe tachifuna titenge."

Ndinaitenga. Lamlungu m'mamawa, tchalitchi chisanayambe, ndinakaiyala pa car boot sale, msika wa katundu wakale, pamodzi ndi maketulo ndi nsapato.

Kunabwera bambo wina wachizungu, dzina lake a Higgins, atavala jekete ya zigamba m'zigongono. Mumtima ndinati uyu alibe kanthu, angonditayitsa nthawi. Koma ataona katoni ija anaima njii. Anagwada, n'kuyamba kuinunkhiza. Katoni! Kenako anatulutsa kapepala kachikasu kamene kanali mkatimo.

"Ili ndi bokosi lake," ananong'ona. "Ndi pepala lake lomwe. Good Lord."

"Mfuti ili apayi, bwana," ndinawakumbutsa, poganiza kuti mwina maso ndi ofooka.

Anati m'thumba analibe zokwanira, koma Loweruka abwera kunyumba ndi four hundred pounds. Four hundred! Mayi a Tadala ankafunika tikiti yopita ku Ntcheu kukamanga chiliza cha amayi awo, ndipo ine ndinali nditalonjeza pamaso pa alamu anga kuti tikitiyo ndi nkhani yaing'ono.

Asananyamuke, a Higgins anandigwira mkono.

"Koma chonde, don't touch it. Musaipukute, musaitsuke, musaipake mafuta. Isiyeni momwe ililimu."

"No problem, bwana," ndinatero ine. Mumtima ndinkaseka chikhakhali. Njomba imeneyi ndiiphunzire ku London? Ku Ndirande wogula aliyense amafuna dzimbiri likhalepo kuti aliloze ndi chala potsitsa mtengo. Ngati munthu akupereka four hundred chinthu chili chonyansa chonchi, nanga chikawala? Eight hundred!

Madzulo ndinawafotokozera mayi a Tadala masamu amenewa. Iwo amagwira ntchito ku care home, ndiye amadziyesa akatswiri a azungu.

"Bambo a Tadala, munthuyo wati musakhudze. Bwanji osangomvera?"

"Inu za bizinesi mukuzidziwa?"

"Ine ndimadziwa nkhalamba zachizungu. Ndimazisambitsa tsiku ndi tsiku. Wina amasunga tikiti ya basi ya nthawi ya nkhondo, ukaisuntha amalira mpaka kuitana manijala."

"Imeneyo ndi dementia, si malonda," ndinatero.

Anangogwedeza mutu n'kumakonzekera za kuntchito.

Lolemba ndinati ndiyese kaye katundu wanga. Ndinaika chitini cha nyemba pa mpanda wa kuseri, ndinathira timipira tija, n'kulunjikitsa bwinobwino ngati msilikali. Phu! Kampira kanagunda chitini, n'kubwerera kudzandimenya pamsongolo. Chitini osagwedezeka ngakhale pang'ono. Nkhunda yomwe inatera pampandapo inandiyang'ana ndi diso limodzi, osauluka.

Thukuta linatuluka. Legeni ya mwana wa ku Ndirande imaposa pamenepa! Nanga a Higgins akadzati ayese? Ndani angagule mfuti yomwe nkhunda ikuinyoza? Apa ndinamvetsa chifukwa chake ankati ndisakhudze: ankafuna adzandigwirire pomwepa, n'kunditsitsa mpaka ten pounds.

Ndiye ndinavula malaya n'kuyamba ntchito.

Lachiwiri sandipepa. Pachitsulo panali timalemba ndi timanambala todindidwa, todzaza dzimbiri, ndi kachithunzi kooneka ngati hatchi kapena galu. Ndinapala zonse mpaka pasalale ngati tsaya la khanda. Lachitatu penti wakuda wonyezimira, wotsala pomwe tinkapenta geti. Ndinapaka kawiri kuti asanene kuti ndaumira. Mbali yathabwa imene imatsamira paphewa ndinaipala n'kuipaka vanishi. Lachinayi ndinaimasula yonse, ndinachotsa sipuling'i yake yotopa, n'kulowetsa ina yamphamvu yomwe ndinaizula pa mpando wakale wa muofesi mu van ya Lameck. Inkakana kulowa, koma hamala ndi mkulu wa zonse. Pomanga panatsala tizitsulo tiwiri. Panjinga napo pamatsala, ndipo njinga imayenda.

Sipuling'i yakale, kapepala kachikasu ndi katoni yonunkha ija ndinakaziponya mu bin ya recycling. Ndinagula chikwama chonyezimira ku pound shop. Katundu wabwino amafuna chovala chabwino.

Loweruka ndinadzuka m'mawa, ndinadaya tsitsi, ndinavala tayi. A Higgins anafika nthawi yake yeniyeni, atanyamula magolovesi oyera ngati akubwera kudzachita opaleshoni. Ndinawakhazika mu sitting room, ndinatsegula zipi pang'onopang'ono kuti mtima uwagunde.

"Taonani, bwana!"



Anayang'ana mfuti. Anayang'ana ine. Anayang'ananso mfuti.

"Ili kuti ija?"

"Ndi yomweyi, bwana! Brand new!"

"Oh dear," anatero. "Oh dear, oh dear, oh dear."

Ndinati eya, waona kuti four hundred yake yachepa. Ndinawamvera chisoni pang'ono.

"Eight hundred. Koma poti ndinu kasitomala woyamba, seven fifty."

Anaigwira ndi golovesi. Golovesi inakakamira, penti anali asanaumitse. Poichotsa inasiya ubweya woyera pampope. Anaitembenuza kufuna timalemba tija, akusisita ndi chala pamalo posalala ngati munthu wofuna dzina la m'bale wake pamanda.

"Panali hatchi apa," anatero ndi mawu ang'onoang'ono.

"Oho, inali hatchi? Ndachotsa, bwana. Free of charge."

Nkhope yawo inafiira, kenako inayera. Ndinaona kuti malonda akupendekeka, ngakhale sindinkadziwa akupendekekera kuti. Ndiye ndinatulutsa chida changa chomaliza.

"Simunaone mphamvu yake! Tiyeni kuseri."

"Mwaitsegula mkati?"

"Full service!"

Ananditsatira ngati akupita kumaliro. Chitini chinali pomwepo, nkhunda nayo inalipo, mwina inamva kuti kuli chionetsero. Ndinakoka chogwirira ndi manja awiri mpaka msana unalira, ndinalunjikitsa, ndinakanikiza. Mkati munamveka ngati gitala yaduka nsambo. Kampira kanagubuduzika pang'onopang'ono, kanatulukira kukamwa kwa mfuti, n'kugwera pansapato yanga. Nkhunda inatsika, inakajompha, n'kukalavula.

"Ikufuna kuzolowera," ndinatero. "Sipuling'i ndi yatsopano."

"Bambo Kamwendo," anatero a Higgins atatsinzina, "ine sindinkafuna kuombera."

"Nanga mfuti mumaigulira chiyani?"

"Kuiyang'ana."

"Kuiyang'ana basi?"

Anandiuza kuti kwawo ali nazo zambirimbiri mu kabati ya magalasi, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe amaombera. Amati kuombera kumaitopetsa. Mtundu uwu unapangidwa agogo awo ali mnyamata, zatsala zochepa kwambiri, ndipo timalemba ndinapala tija ndi tomwe timachitira umboni. Dzimbiri lija amalitchula dzina lina lachizungu lokoma ngati la mwana wamkazi, ndipo amati ndi lomwe limakweza mtengo.

Mutu unazungulira. Mfuti yosaombera, yadzimbiri, four hundred. Mfuti yomweyo yowala, ya sipuling'i yatsopano...

"Ndiye pano ndi zingati, bwana?"

"Pano?" Anapumira m'mwamba. "Mwina sukulu ina ingaifune pa sewero la ana."

Ndinaona Ntcheu ikutalikira. Ndinaona alamu anga akundifunsa pafoni kuti nkhani yaing'ono ija yafika pati.

Atafika pakhomo anatembenuka, ngati munthu woopa yankho.

"Nanga bokosi?"

"Musadandaule, bwana, chinyansi chimene chija ndinataya. Chikwama ichi ndi waterproof."

Anatulutsa kaphokoso ngati mbuzi yomwe yapondedwa mchira. Anagwira khoma.

Pamenepo mayi a Tadala, omwe nthawi yonseyi anali kukhitchini akunamizira kutsuka mbale, anatulukira atanyamula chinthu chokulunga m'chitenje ngati khanda lopita kusikelo. Anayala patebulo. Katoni ija! Kapepala kachikasu! Ngakhale sipuling'i yotopa ija!

"Ndinazitola mu bin Lachinayi lomwelo," anatero mu Chingerezi chawo cha kuntchito. "Sindinapukute ngakhale fumbi."

A Higgins anavala golovesi yomwe inatsala yoyera. Maso anali ndi misozi, ndikunena zoona. Munthu wamkulu, kulirira katoni!

"Two hundred and fifty, madam."

"Three hundred," anatero mayi a Tadala osaphethira. "Fungo la chinyezilo ndi original."

Anapereka! Osanenerera, osaloza pong'ambika. Ine ndinangoima ndi mfuti yanga yowala, ikundimata m'manja.

"Bwana, tengani ndi mfutiyi, bansela."

"No. Please. Isungeni inuyo." Anatuluka atakumbatira katoni, osacheuka.

Chitseko chitatsekedwa ndinayesa kukonza mawu.

"Mwaona, mayi a Tadala? Ndinati katundu ameneyu atipatsa tikiti. Kakomishoni kanga nanga?"

Anapinda ndalama, anaziika komwe amayi amaika ndalama, n'kulowa kubafa. Anatulukako ndi botolo langa la dayi, n'kuliponya mu bin ndikuona.

"Ah ah! Nanga dayi walakwanji?"

"Don't touch it," anatero akuloza mutu wanga. "Imvi zisiyeni momwe zililimo. Mwina tsiku lina kudzabwera mzungu wina wofuna zakale, ndidzapezeko tikiti yobwerera."

Mpaka lero mfuti ili pamwamba pa wadiropu, mutu wanga uli mbuu, ndipo sindikumvetsabe kuti anthuwa amaganiza bwanji. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti nzeru za ku Ndirande nazo zimafuna visa, ndipo zanga anazikaniza.