Supuni ya Gildo Maloko

Mu Treviso monse munalibe loko yomwe idamukanirapo Gildo, n'chifukwa chake tinkamutcha Maloko. Wina womugonjetsa adalibe, kupatula mkazi wake, Nives. Adokotala atanena kuti shuga wakwera ndipo mafuta akutseka mitsempha, mayiyu adazungulira mashopu onse a makeke: wogulitsa tiramisu, keke yapamtima pa bamboyu, kwa Gildo aona zakuda. Miyezi isanu ndi inayi bambo wamkulu akubudula masamba ngati mbuzi.

"Aise, ndikapanda kuilawa sabata ino, mukandiike," adatero Gildo ku bala, vinyo atafika pake. "Ermes wamakeke amatseka shopu wani koloko, n'kukagona kuchipinda cham'mwamba mpaka folo. Tilowa, tinyamula thireyi, basi."

"Nanga kabati ya ndalama?" adafunsa mnzake, Nereo Kamphuno.

"Iwe, ndife anthu aulemu. Thireyi yokha."

Loko ya Ermes idagonja ngati imawadikira. Mufiriji, pashelefu yam'mwamba, padali thireyi ya tiramisu yowazidwa ufa wa koko mokongola. Gildo sadapirire. Adasolola supuni m'thumba, poti mbava yathuyi idachita kubwera ndi yakunyumba.

Adatapa. Adatafuna. Nkhope idakwinyika.

"Ichi n'chiyani? Yogati! Shuga mulibe, mazira mulibe, khofi wake ndi wa balere!"

"Bwana, tiyeni tizipita," adanong'ona Nereo.

"Ndizipita? Munthu akuipitsa dzina la Treviso, ine ndizipita?"

Adakwera masitepe, thireyi m'manja, n'kuyamba kumenya chitseko. Ermes adatuluka ndi kabudula wamkati, maso ali psuu ndi tulo.

"Ermes, manyazi ulibe? Malemu bambo ako ankaswa mazira khumi pathireyi imodzi!"

"A Gildo, mwalowa bwanji muno?"

"Usasinthe nkhani!"

Mkazi wa Ermes adali ataimba kale kupolisi. Apolisiwo adampeza Nereo ali chiimire pakhomo, akudikira bwana amalize kukalipa. Wapolisi mmodzi adalawako, n'kuvomereza kuti ndi yoipadi, koma unyolo adawamanga ndithu.

"Zenizeni zinali pashelefu yapansi, mathireyi anayi," adatero Ermes akuwaperekeza. "Iyi adaitanitsa ndi mayi Nives. Si mawa tsiku lanu lobadwa?"

Ine mtima udandiwawa nditamva zimenezi, ngakhale ndidaseka mpaka misozi.

M'mawa mwake Nives adafika kupolisi atavala zakutchalitchi. Adaika thireyi ija patsogolo pa mwamuna wake, pambali pake supuni yomwe ija.

"Zaka makumi asanu ndi awiri lero," adatero, akukoka mpando. "Idya, Gildo. Yonse. Ndikuyang'ana."