Miyala ya pa Denga la Bafa

Ayi, sindinavulale. Yamba ndi zimenezo, azakhali akowo asamangolira ku Joniko. Chinavulala ndi ulemu basi. Lemba, usaseke.

Uwauze kuti Lachinayi lija a wailesi ananena ndithu. Akuti mphepo yozizira ikuchokera kummwera, ikakumana ndi kutentha kwa kuno kukhala mabingu ndi chimphepo chosasula madenga, makamaka masana. A Nachisale, aneba a kumtundawa, anachita kundionetsa meseji pafoni.

"Agogo, lero musayanike kanthu, a zanyengo achenjeza."

Ine ndati, "Iwowo ali mu ofesi, ine ndili ndi bondo. Mvula ikamabwera limayamba kuwawa dzulo lake." (Ndipo silinawawe, ndisaname. Kungoti bondo limadziwa mvula, za mphepo silinaphunzire.)

Nanga ndikanatani? Ufa wa chinkhoswe cha mchemwali wako Chikondi unali utangochoka kuchigayo, wosauma. Chinkhoswe Loweruka, akuchimuna akuchokera ku Thyolo. Ndayala mphasa pabwalo, ndayanika. Kamphepo kayamba kupinda mphasa m'mbalimu. Ndiyang'ane miyala, palibe. Ndiye maso anagwera pa denga la bafa (lija agogo ako aamuna anatisiya asanalikhomere misomali). Ine nkhalamba yonseyi kukwera pandowa, kutsitsa miyala yonse yotsindira malata, kukatsindira mphasa. Uku ndikudzitama kuti koma nzeru ndili nazo.

Kutentha kwake kwa ku Bangwe kunoku, thukuta ndi ufa zasakanikirana, ndati ndisambeko. Ndangopaka sopo kumaso, kunja kwada bii. Bingu! Kenako chimkokomo kuchokera kuphiri. Nditsegule diso limodzi, denga kulibe, mitambo iyo. Chitenje ndinapachika pamtanda chija chapita, chiguduli cha pakhomo nacho chatsatira.

Azakhali ako akudziwa, nyumba yathu ili kumunsi, a kumtunda amaona zonse. Ndinanjuta pakona, beseni pachifuwa.

"A Nachisale! Ndithandizeni mayo!"

"Muli kuti agogo?"

"Musafunse zambiri, bweretsani nsalu! Amuna anuwo ayang'ane kwina!"

Anabwera akuthamanga m'mvulamo, anandifunditsa, kuseka anakasekera kwawo. Mayi ameneyo Mulungu amudalitse. Malata anakagwera kuseri kwa mpanda, pomwe ana amasewera masiku onse, koma onse anali atathawira m'nyumba. Ndikaganiza zimenezo ndimagwada.

Ufa? Bangwe yense anadzola. Wotsala unasanduka phala pamphasa pomwepo, miyala yanga ili phee m'makona. Ndinalira, mwana iwe, poti akuchimuna tikanawalandira ndi chiyani?

Koma Lachisanu m'mawa ndingomva "Odi!" Azimayi a mu layini muno, uyu kambale, uyu kabeseni, mpaka mayi uja tinayambana chifukwa cha nkhuku zake naye wabwera ndi wake. Thumba linadzaza. Amuna a a Nachisale anakwera nakhoma denga ndi misomali yeniyeni, osayang'ana nkhope yanga, ine osayang'ana yawo.

Chinkhoswe chinayenda, a ku Thyolo anadya nakhuta, Chikondi sanachite manyazi. Manyazi ndinasenza ndine. Mpaka lero ndikamadutsa pa mpope amandikuwira, "Agogo, lero musamba nthawi yanji, tichotseretu zovala pachingwe?"

Aseke, anandidyetsera alendo. Masiku ano a wailesi akangotchula mphepo, ine ndimasambiratu m'mamawa. Zosiya kuyanika sindikulonjeza.

Wamaliza? Za beseni usachotse, bola amve kwa ine. Tumiza pompano, netiweki isanathawe.