Nyanga Zaubweya za Don Eleuterio

Pulani anaipangira mubala ya Chela, botolo lachitatu la vinyo litafika pakati. Nicanor, amene amadzitcha Injiniya chifukwa anakonzapo njinga kamodzi, anamenya tebulo.

"Iwe Pocho, mayi Ofelia masana amagona ngati wina aliyense. Tilowera kumbuyo, titsegula firiji, tinyamula nyanga. Basi talemera!"

Mayi Ofeliawo ndine. Ndimakonza mitu ya agwape yoti alenje azikoloweka kukhoma muno mu La Pampa, ku Argentina, ndipo nyangazo zinali za Don Eleuterio, zikadali ndi khungu lake laubweya. Nyanga zotero ndi nyama yamagazi, abale. Ukapanda kuzibaya mankhwala, dzuwa la Januwale limaziwoletsa tsiku lomwelo.

Podzuka ndinapeza firiji ili yasa! Don Eleuterio, mlenje wamkulu amene gwapeyo anachita kumuwomberera wantchito, anafika akulalata.

"Zikapanda kupezeka lero, alenje onse amva kuti mwagulitsa nokha."

Mantha anandigwira, sindinama. Ntchito ya zaka makumi awiri ithere zitsiru?

Apo n'kuti madolo aja ali pamsewu, nyanga zikuchucha kumpando wakumbuyo wa galimoto.

"Injiniya, zikutuluka magazi izi!"

"Tseka mawindo, ntchentchezo."

"Ubweya wayamba kusosoka, aise. Wogula uja anati zososoka safuna."

"Ndiye usazigwire! Ona kapepala kamangidwapoko, pali nambala. Ameneyo ndiye dokotala wake."

Foni yanga inalira Sajeni Quiroga, wapolisi amene ndinamuitana, ali pomwepo, akundimalizira tiyi wanga wa kuno wotchedwa mate.

"Mayi, tatola nyanga pamsewu, koma zikudwala."

"Zigwireni kutsinde, muziyike madzi oundana, muthamange nazo kuno," ndinatero, n'kuwauza njira.

Anabweradi, thukuta lili kamukamu. Poti poba analowera kumbuyo, khomo lakutsogolo sanalizindikire. Anagogoda mwaulemu, mpaka kupukuta nsapato. Atalowa, Pocho anakodola mnzake.

"Injiniya, firiji iyi bwanji ikufanana ndi ija tinabamo?"

Sajeni anatulutsa unyolo.

"Dikirani kaye, bwana," ndinatero. "Manja amenewo ndikuwafuna."

Anandigwirira nyangazo ola lathunthu ine ndikubaya jakisoni nsonga ndi nsonga, ndipo ubweya unapulumuka. Potuluka, unyolo uli m'manja, Injiniya anacheuka.

"Ndiye mayi, ganyu tagwirayi mutiganizirako?"