Tsiku limene ndinafera matiresi

Nkhani iyi akazi anga anandiletsa kuinena pagulu, ati imachotsa ulemu pabanja. Koma ulemu wake uti, poti komboni yonse inandiona ndikufika pamaliro anga wapansi, thukuta lili kamukamu? Khalani pansi ndikuuzeni manyazi anga. Dzina la komboni lokha sinditchula, chifukwa a Sister amene ndinapalamula nawo akali moyo, ndipo masiku ano ndi mkulu wa mpingo.

Zinali zaka zija kwacha inadwala kuposa anthu. Ufa pamzere, sopo pamzere, mafuta ophikira ukawaona m'shopu unkayamba wawapatsa moni. Ine, Fakisoni Kamanga, ndinali mesenjala pa kampani ina m'tauni. Koma Loweruka ndinkasanduka munthu wamkulu, sekeletale wa gulu lodzipereka lothandiza kachipatala ka m'komboni mwathu.

Tinkasesa, kutchetcha udzu, kuchapa nsalu za pabedi, ndi kutunga madzi mipope ikauma. Amayi a m'gululo ankagulitsa zitumbuwa pageti. Tinayendapo ngakhale sponsored walk, ulendo wapansi wopemphetsa ndalama, mpaka ku Chilenje kuti tigule matiresi, koma pofika kumeneko mtengo wa matiresi unali utatipitirira kalekale, uli patsogolo kutibayibitsa.

Matiresiwo ndiwo ankatisowetsa mtendere. M'wodi ya abambo mabedi anali mawaya okhaokha, pamwamba titayala makatoni. Wodwala akagonapo ankadzuka msana uli mizeremizere ngati nyama yootcha. Mabulangete nawonso anali ochepa, ndiye ine, mwa nzeru zanga za usekeletale, ndinati tiwadule pakati kuti bedi lililonse likhale ndi lake. Anandiombera m'manja tsiku limenelo. Mulikumbukire bulangete limeneli, tikumana nalo kutsogoloku.

Tsiku lina kunabwera uthenga wokoma. Kalabu ina ya akazi a mabwana, a kumayadi kuja, inali ndi matiresi atsopano oti ipereke ku chipatala chimodzi chokha. Amayiwo anati adzayendera zipatala za m'makomboni, ndipo kumene adzapeze mavuto ochuluka ndiko kudzapite katunduyo.

Mavuto tinali nawo ogawirako ena. Chimene tinalibe ndi odwala. Osati kuti anthu anali athanzi ayi, koma munthu wanzeru zake angasiyirenji mphasa kunyumba n'kudzagona pawaya, pamalo poti ngakhale panado palibe? M'wodi monse munali mdala mmodzi yekha.

A Sister, amene ankayang'anira chipatalacho, anandiitanira pambali.

"Ba secretary, bazimai aba bakapeza mabedi yali empty, bazakamba ati kuno bantu ni ba healthy. Mamatress yazayenda ku clinic ya ku Matero."

"Manje tichite bwanji, ba Sister?"

"Mabedi yafunika bantu."

Anandiyang'ana. Ine ndinacheuka, kumbuyo kwanga kunalibe munthu.

Basi tinagwirizana kuti abambo onse a m'gulu tidwale Loweruka. Chinali chinsinsi. Ngakhale akazi anga sindinawauze, chifukwa nkhani ikawalowa m'khutu imakatulukira pamsika.

Loweruka litafika ndinavala nsapato zanga zodziwika zija, zofiirira kumbuyo, zoyera kutsogolo. Ndinazipeza pasalaula, pamsika wa zovala zovalidwapo kale, ndipo m'komboni monse munalibe zina zotero. Ana ankandizindikira ndi nsapatozo ndisanawoloke ngalande.

"Vulani nsapato, ba secretary. Odwala sagona na nsapato," anatero a Sister.

"Awe, ba Sister! Nizisiye pansi pa bed? Muno? Zizayenda zeka!"

Ndinakwera nazo pabedi, n'kupinda miyendo, n'kuzibisa m'bulangete. Kenako ndinayamba kuyeserera kubuula. Sindikudzitama, koma ndinkatha. Mdala wodwala zenizeni uja mpaka anandifunsa ngati ndikufuna madzi.

Posakhalitsa tinamva kulira kwa galimoto. Galimoto zonyezimira zikalowa m'komboni anthu amazitsatira, choncho alendowo anafika ndi chikhamu cha anthu pambuyo, ena n'kumasuzumira pamawindo. Fungo la perefyumu linalowa m'wodi eni ake asanalowe. Ndinatsegula diso limodzi kuti ndione akubwerawo.

Mtima unangoti phwii! Wotsogolera gululo anali Madam, akazi a abwana anga a kuntchito. Dzulo lake lomwelo ndinali kwawo, nditasenza thumba la ufa kuchokera m'galimoto mpaka kukhitchini, kenako n'kukwera mumtengo wa mango kukadula nthambi, mluzu uli pakamwa. Akangondiona nkhope, bodza lathu lonse liyalukira pomwepo, matiresi apite ku Matero.

Ndinakoka bulangete n'kufunda kumutu komwe.

Mwalikumbukira bulangete lija? Theka. Mutu utalowa, mapazi anatuluka, ndi nsapato zomwe. Ndinamva kamphepo m'akakolo, koma kusuntha sindikanatha, Madam anali ataima kale pabedi loyandikana nalo. Ndinangouma gwaa, mpweya n'kuugwira.

Tsono m'chipatala munthu akafunditsidwa kumutu, tanthauzo lake ndi limodzi basi.

Pawindo panali Amake Doreen, aneba athu a khomo loyang'anana, mayi amene kulira maliro ndi mphatso yawo yobadwa nayo.

"Mayo ine! Nsapato izo! Ni ba Kamanga! Ba Kamanga batisiya, mayo!"

Ndinamva kulirako kukuchoka pawindo, kukudutsa pageti, kukulowa m'komboni mwaliwiro. Ndinkafuna kufuula kuti bwererani, koma maliro safuula.

"Sister, is he... bafa?" Anali mawu a Madam.

Apa a Sister anayenera kusankha pakati pa choonadi ndi matiresi. Sanachedwe.

"Manje manje so, madam. Benze ba secretary bathu. Benze kulila chabe msana, msana. Ni mawaya aya."

Madam anayamba kusisima. Mayi wina anayambitsa pemphero, ndipo linali lalitali zedi, lotchula ngakhale ana amasiye amene ndawasiya. Anzanga odwala abodza aja anali kugwedezeka ndi phwete pamabedi awo, mawaya akulira kwiii kwiii, alendo n'kumati tsoka ilo, malungo awagwira onse nthawi imodzi.

Anandinyamula n'kundiika pakabedi ka matayala, ulendo wa ku sitolo yosungira matsache ndi ndowa, poti nyumba yachisoni tinalibe. Potseka chitseko a Sister anaweramira kukhutu kwanga.

"Mukakosomola chabe, nizakupayani zoona."

Loko anati khetye.

Imfa yanga inawagwira mtima alendowo moti sanafune kuchoka msanga. Kunali malankhulidwe, kwaya ya amayi a m'gulu, ndi tiyi wa shuga wathu womaliza. Abale amene anathamangira kuchipatala mlonda anawabweza pageti, ati, "Body ili mu store, bwelani balendo bakayenda." Alendo atachoka, anzanga anachira onse nthawi imodzi n'kupita kukasangalala kutaveni, aliyense akuganiza kuti mnzake wanditsegulira. A Sister anandikumbukira dzuwa litapendeka, pofuna tsache.

Ndinauyamba wa kunyumba, msana ukuwawa tsopano zenizeni. Nditakhota pa ngalande ndinaona mipando yanga ili panja, abambo atakhala mozungulira moto, m'nyumba mukumveka kulira kwa amayi. Kunena zoona, za Amake Doreen ndinali nditaziiwala. Ndinagwidwa ndi mantha oopsa, ndikuganiza kuti ndi mwana wanga Joyce kapena amake. Ndinathamanga misozi ili m'maso.

"Ndani? Ndani wafa pano?"

Anthu anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Wina analumpha mpanda wa maluwa, wina anagwera m'ngalande, dikoni wa kumpingo kwathu anathawa n'kusiya Baibulo pampando.

Amene sanathe kuthawa ndi akulu anga, ba Yotamu a ku Mandevu, chifukwa anali atagwira wilibala. Munthu ameneyu chaka chonse sanapondepo pakhomo panga, ati mabasi akwera mtengo. Koma tsiku limeneli anafika msanga kuposa ambulansi. M'wilibalamo munali wailesi yanga, mbaula ndi wotchi ya pakhoma. Pathupi anali atavala jekete yanga ya ukwati.

"Fakisoni, ndiwe?"

"Ndine, ba Yotamu."

"Sure?"

"Sure. Nanga jacket yanga?"

"Nenze kukusungila chabe. Pa malilo pamankala bakawalala maningi."

Akazi anga anatuluka m'nyumba atagwiriziridwa ndi amayi awiri, maso ali psuu. Iwo ankafuna kuthamangira kuchipatala uthenga utangofika, koma amayi achikulire anawakhazika pakona, poti namfedwa sayendayenda. Anandiyandikira pang'onopang'ono, n'kundigwira tsaya, n'kundigwira phewa. Ndinamva chisoni, ndinamvanso kukoma kuona kuti ndimakondedwa chotere. Kenako dzanja lomwelo linapeza khutu langa n'kulipotokola.

"Batate bake Joyce! Unga wonse taphikila bantu ba pa malilo! Uja nenze naimilila pa line kuchoka kuseni!"

"Nizakuuzani, benze ba Sister..."

"Ba Sister ndiye bazadyesa bana?"

Othawa aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi, osati chifukwa cha ine, koma fungo la nyemba. Mdala wina anandigwira chanza mwaulemu.

"Ba Kamanga, mwauka, tayamika Mulungu. Koma vakudya vapya kale, sivinalakwe."

Anakhala pansi n'kudya. Ine, mwini maliro, ndinalandira mbale pomaliza, nyemba zitatha, msuzi wokhawokha. Amake Doreen anadya kawiri, ati kulira kumamvetsa njala.

Patapita sabata, abwana ananditumiza ndi lole ya kampani kunyumba kwawo. Ndinavala patapata, poti nsapato zija Madam anaziona bwinobwino. Pofika ndinapeza matiresi atsopano ataunjikidwa pakhonde, akali m'mapulasitiki. Tinapambana! Ndinasangalala mpaka m'mimba, koma nkhope ndinaiweramitsa.

Madam anatuluka n'kundiyang'ana m'maso mwenimweni.

"Iwe, ndiwe wa new pa company?"

Ine amene ndinawasenzera ufa zaka zonsezo! Ine wa mumtengo wa mango! Apa m'pamene ndinazindikira kuti tsiku lija ndikanatha kugona chagada, nkhope poyera, kumwetulira kumene, Madam sakanadziwa kanthu. Kwa iwo ndi abwana omwe, dzina langa linali Iwe. Ndinafa imfa yaulere.

"Awe, madam, nine wakudala."

"Okay. Longa aya, yayenda ku clinic ya mu komboni. Bantu bavutika kuja. Muntu anafela pamenso panga, just like that."

Ndinasenza matiresi onse ndekha. Nditamaliza, Madam anabwera ndi thabwa lopakidwa penti yoyera, la zilembo zakuda, loti likakhomedwe pakhomo la wodi: THE LATE F. KAMANGA WARD.

"Benze muntu wa mtima, aba. Kuzipeleka mpaka imfa. Osati imwe, mumadya chabe salary. Wenze kubaziba?"

"Pang'ono, madam."

"So gwila na manja yabili. Upase ulemu bakufa."

Ndinagwira ndi manja awiri, n'kupinda bondo pang'ono. Kuchipatala kuja ndinakalikhoma ndekha, poti kukhoma zinthu inali ntchito ya sekeletale, a Sister atandigwirira mpando kuti malemu asagwe.

Ndiye anzanga osauka, musavutike n'kubisa nkhope kwa bwana, bisani nsapato kwa aneba.